Buku la maola: mmene mungatsatire mabuku akale agolide a mapemphero a Chilatini

Funso ili landipeza nthawi zambiri, kwa anzanga a m'kwaya, kwa anyamata a ku seminale, ngakhalenso kwa ena amene si Akatolika n'komwe. Munthu waona pa foni tsamba la buku lakalekale lolembedwa pamanja, golide ali waliwali, m'mphepete muli maluwa ndi timbalame, ndiye afunsa: "Kodi limeneli ndi Baibulo la makedzana? Nanga mawuwo akuti chiyani?" Ndaganiza zolemba yankho kamodzi, kuti wina akadzafunsanso ndidzangomulozera pano.

Kawirikawiri tsamba loterolo silichokera m'Baibulo. Limachokera m'buku la mapemphero la Mkhristu wamba, limene pa Chilatini ankaliti Horae. Ine ndizilitchula buku la maola. Pofufuza pa intaneti lembani dzina lake la Chingerezi, Book of Hours, kapena la Chifalansa, livre d'heures. Ansembe ndi amonke anali ndi buku lawo lalikulu lopempherera kasanu n'katatu pa tsiku, lotchedwa breviarium, lovuta kutsata chifukwa mapemphero ake amasintha tsiku ndi tsiku. Anthu wamba, amalonda, mafumu ndi akazi awo, anafuna kupemphera nawo pa maola omwewo, choncho anawakonzera buku lalifupi, losasinthasintha, lotsamira pa Amayi Maria. Kuyambira cha m'ma 1250 kufikira cha m'ma 1550 mabukuwa ankalembedwa kwambiri ku France, Flanders, Netherlands, England ndi Italy. Atsala masauzande ambiri, kuposa mtundu wina uliwonse wa mabuku okongoletsedwa a nthawi imeneyo.

Langizo langa lalikulu ndi ili: yambani ndi mawu, zithunzi zibwere pambuyo. Wokongoletsa bukulo ankatsata mawu. Chithunzi, chilembo chachikulu, ngakhale mtundu wa inki, zonse zinaikidwa kuti wopemphera apeze malo ake. Mukadziwa mawu ochepa okha, pafupifupi makumi atatu, buku lonse limakutsegukirani ngakhale simunaphunzire Chilatini.

1. Pezani buku lathunthu, ndipo lisakhale lotchuka kwambiri

Tsamba limodzi silikuuzani zambiri. Malaibulale akuluakulu anajambula mabuku awo tsamba ndi tsamba ndipo kuwaona n'kwaulere: Gallica ya laibulale ya dziko la France, Walters Art Museum ya ku Baltimore, Morgan Library ya ku New York, Digital Bodleian ya ku Oxford, ndi e-codices ya ku Switzerland. Zithunzizo n'zolemera, zimadya bandulo msanga, choncho yambani ndi tizithunzi ting'onoting'ono tosonyeza masamba onse pamodzi, muzikulitsa okhawo amene mukuwafuna.

Ambiri amayambira pa Très Riches Heures, buku la Jean, Duke wa Berry, limene lili ku Musée Condé ku Chantilly. N'lokongola zedi, palibe wotsutsa. Koma si lophunzirirapo. Abale atatu a Limbourg amene ankalijambula anamwalira mu 1416 asanalimalize, chaka chomwecho mwini wake anamwaliranso, ndipo Jean Colombe anadzalipitiriza patatha zaka pafupifupi 70. Lili ndi zinthu zambiri zimene simudzazipeza kwina. Sankhani buku wamba la ku Paris, Rouen kapena Bruges la pakati pa 1450 ndi 1480. Amenewa ankapangidwa ambirimbiri motsata dongosolo limodzi, ndipo dongosololo ndi limene mukufuna kulidziwa.

Amene muli ku South Africa, National Library ya ku Cape Town imasunga mabuku amene Sir George Grey anapereka mu 1861, ndipo pakati pake pali mabuku olembedwa pamanja a nthawi imeneyi. Amene muli ku Britain muli ndi Fitzwilliam Museum ku Cambridge ndi British Library ku London. Mukaloledwa kugwira buku lenileni, sambani m'manja, muumitse bwino, musavale magolovesi chifukwa amachititsa dzanja kusamva tsamba, gwirani m'mphepete mokha, ndipo lembani ndi pensulo.

2. Zolowerani manambala a masamba ndi kalembedwe

Mabukuwa amawerengedwa ndi tsamba lathunthu, osati mbali iliyonse payokha. Mukaona f. 27r ndiye kuti tsamba la 27 kumaso kwake, f. 27v ndi kumsana kwake. Buku likatsegulidwa, kumanzere kuli v, kumanja kuli r.

Kalembedwe kake kamaopsa poyamba. Zilembo i, u, n ndi m ndi timizere toimirira tofanana, ndipo muyenera kutiwerenga kamodzikamodzi. Chilembo s chapakati pa mawu n'chachitali, chimaoneka ngati f. Alembi ankafupikitsa mawu posunga chikopa: kamzere pamwamba pa mawu kakutanthauza kuti zilembo zina zasiyidwa, motero dns ndi dominus, scs ndi sanctus, ora. pro n. ndi ora pro nobis. Ankalemba e pamene mabuku a lero amalemba ae, ndi michi pamene lero ndi mihi. Musaganize kuti mlembi analakwitsa.

Mawu ofiira si pemphero, ndi malangizo. Ant. kapena a. ndi antiphona, mawu afupi otsegulira ndi kutsekera salimo. Ps. ndi salimo. Cap. ndi capitulum, kandime kafupi ka m'Malembo. V. ndi R. ndi mawu a wotsogolera ndi oyankha. Ut supra akutanthauza kuti bwerezani monga pamwambapa. Antiphona ndi capitulum muzisunge, tizifuna kwambiri pa nambala 6.

3. Werengani kalendala

Buku limayamba ndi miyezi khumi ndi iwiri. Pamwamba pa mwezi uliwonse pali zilembo zazikulu KL, chidule cha Kalendae. Kumanzere kwenikweni kuli manambala achiroma ochokera pa i kufika pa xix, omwazikana ngati osalongosoka. Amenewo ndi owerengera mwezi wakumwamba pofuna kupeza tsiku la Pasaka. Kenaka pali zilembo A mpaka g zobwerezabwereza, zosonyeza masiku a sabata. Madeti a 1, 2, 3 monga tiwadziwira nthawi zambiri mulibe, ndiye muziwerenga mizere kuchokera pamwamba: mzere umodzi, tsiku limodzi.

Mayina a oyera wamba ali m'inki yakuda kapena yofiirira. Zikondwerero zazikulu zili m'zofiira, ndipo m'mabuku odula a ku Paris zili m'golide, masiku enawo akusinthana ofiira ndi abuluu. Inu funani dzina lolembedwa mwaulemu limene simulidziwa. Khirisimasi ndi Petulo ndi Paulo zili paliponse, sizikuuzani kanthu. Koma Geneviève pa 3 Januwale ndi Denis pa 9 Okutobala akuloza ku Paris. Romanus pa 23 Okutobala akuloza ku Rouen, Donatian pa 14 Okutobala ku Bruges, Bavo pa 1 Okutobala ku Ghent, Willibrord pa 7 Novembala ku Utrecht.

Kalendala imathandizanso pa zaka. Mfumu Louis IX ya ku France inalengezedwa kukhala woyera mu 1297, Bernardino wa ku Siena mu 1450, Catherine wa ku Siena mu 1461. Dzina la Bernardino likapezeka pa 20 Meyi m'dzanja la mlembi yemweyo, bukulo silinalembedwe 1450 isanafike. Chenjezo: kusapezeka kwa dzina sikutsimikizira kuti bukulo ndi lakale, chifukwa alembi ankakopera makalendala akale kwa zaka zambiri. Ndipo yang'anitsitsani inki, mwina dzinalo linawonjezedwa ndi munthu wina pambuyo pake.

Tizithunzi ta m'kalendala timasonyeza ntchito za mwezi: phwando mu Januwale, kuotha moto mu Febuluwale, kudulira mpesa mu Malichi, kumweta udzu mu Juni, kukolola tirigu mu Julayi, kuponda mphesa mu Seputembala, kugwetsera nkhumba zipatso za m'nkhalango mu Novembala, kupha nkhumba mu Disembala. Nyengo zawo n'zosemphana ndi zathu, musadabwe kuona chipale m'mwezi umene ife tili pakati pa dzinja. Pambali pake pali zizindikiro za nyenyezi za mweziwo. Ena amadabwa kuziona m'buku la Mpingo, koma nthawi imeneyo zinali mbali ya kawerengedwe ka chaka.

4. Dulani bukulo m'zigawo potsata mawu oyamba

Pitani tsamba ndi tsamba, ndipo paliponse pamene pali chithunzi chachikulu lembani nambala ya tsamba ndi mawu awiri kapena atatu otsatira. Zokongoletsa zili ngati zikwangwani za pamsewu: chithunzi chodzaza tsamba ndi chilembo chotalika mizere inayi kapena isanu zikulengeza chigawo chatsopano, chilembo cha mizere iwiri chikulengeza salimo, nyimbo kapena pemphero, cha mzere umodzi ndi vesi chabe.

Ikatha kalendala, nthawi zambiri pamabwera ndime zinayi za Uthenga Wabwino: In principio erat verbum ya Yohane 1, Missus est angelus ya Luka 1, Cum natus esset ya Mateyu 2, ndi Recumbentibus ya Marko 16. Aliyense amajambulidwa ndi chizindikiro chake: chiwombankhanga, ng'ombe, mngelo, mkango. Kenaka mapemphero awiri aatali kwa Maria, Obsecro te ndi O intemerata. Mtima wa buku, Maola a Maria, umayamba ndi Domine labia mea aperies, Ambuye tsegulani milomo yanga. Pambuyo pake pali maola afupi a Mtanda ndi a Mzimu Woyera, amene nawonso amayamba ndi Domine labia, koma chithunzi chake ndi Yesu pamtanda ndi Pentekoste.

Mukaona Mfumu Davide atagwada, zeze wake ali pansi, ndi mawu akuti Domine ne in furore tuo, mwafika pa masalimo asanu ndi awiri a kulapa. Apa ambiri amasokonezeka pofananiza ndi Baibulo lawo. Chilatini chimawapatsa manambala 6, 31, 37, 50, 101, 129 ndi 142, pamene m'Buku Lopatulika ndi m'Buku Loyera ndi 6, 32, 38, 51, 102, 130 ndi 143. Miserere mei Deus, amene buku la maola limamuwerenga 50, ndi Salimo 51 lathu lija. Masalimowa akatha pamabwera litaniya ya oyera, yosavuta kuizindikira chifukwa mizere yake ndi yaifupi ndipo malo otsala anadzazidwa ndi timikwingwirima tagolide.

Chigawo chachitali chakumapeto ndi mapemphero a akufa. Chimayamba ndi Placebo ndi salimo la Dilexi quoniam, ndipo chithunzi chake chimakhala Misa ya maliro, kuika maliro m'manda, kuukitsidwa kwa Lazaro, kapena Yobu pa dzala. Mawerengo ake onse asanu ndi anayi ndi a m'buku la Yobu. Pomaliza pali timapemphero ta oyera mmodzimmodzi. Dongosololi limatha kusintha, makamaka ngati bukulo linasokedwanso, koma zigawozo ndi zomwezi.

5. Pezani maola asanu ndi atatu

Bwererani pa Maola a Maria. Pali Matutinum, Laudes, Prima, Tertia, Sexta, Nona, Vesperae ndi Completorium, kuyambira usiku kusanache mpaka pokagona. Loyamba mwalidziwa kale. Asanu ndi limodzi otsatira onse amayamba mofanana, Deus in adiutorium meum intende, ndipo lomaliza limayamba ndi Converte nos Deus. N'chifukwa chake zithunzi n'zofunika: wopemphera ankadziwa ola poona chithunzi.

Ku France mndandanda wozolowereka ndi uwu: mngelo Gabriele alonjera Maria, Maria acheza kwa Elizabeti, kubadwa kwa Yesu, mngelo auza abusa, anzeru a kum'mawa, kuperekedwa kwa Yesu m'Nyumba ya Mulungu, kuthawira ku Ejipito, ndi kuvekedwa chisoti chaufumu kwa Maria. Ku Flanders kawirikawiri pa Vesperae pali kuphedwa kwa ana a ku Betelehemu, kuthawa kuja n'kusunthira pa Completorium. Mabuku ambiri a Angerezi amaika masautso a Ambuye m'malo mwa zonsezi. Chithunzi chikasowa pamndandanda, ndipo mawu akuyambira pakati pa chiganizo, dziwani kuti wina anadula tsamba. Zimenezi zinachitika kwambiri, ndipo masamba oterowo ndi amene amagulitsidwa amodziamodzi lero.

6. Pezani mwambo wa bukulo

Pano ndiye pagona nkhani, ndipo malangizo ambiri amangopalumpha. Mpingo wa nthawi imeneyo sunkapemphera Maola a Maria mofanana kulikonse. Dayosizi iliyonse yaikulu, ndi chipani chilichonse cha amonke, chinali ndi kasankhidwe kake ka masalimo, ma antiphona ndi mawerengo. Kasankhidwe kameneko kamatchedwa usus, ine ndikuti mwambo. Mukaudziwa mwadziwa dera limene mwini bukulo ankayembekezera kupempherako.

Nthawi zina mlembi amakuuzani yekha m'mawu ofiira pamwamba pa Matutinum: secundum usum Romanum, kapena secundum usum Sarum, umene ndi mwambo wa ku Salisbury wotsatidwa m'madera ambiri a England. Mukapeza zimenezo thokozani, komabe muyese nokha, poti mawu ofiirawo nthawi zina ankakoperedwa kuchokera m'buku lina. Njira yoyesera anaifalitsa Falconer Madan wa ku Bodleian Library, ndipo imafuna zinthu zinayi zokha: antiphona ndi capitulum za pa Prima, antiphona ndi capitulum za pa Nona.

Chitani motere. Pitani pa ola lachitatu, Prima, pamene pali chithunzi cha kubadwa kwa Yesu. Dutsani Deus in adiutorium ndi Gloria Patri. Pakubwera nyimbo, yolembedwa Hymnus kapena hy. m'zofiira. Ikatha muona a. kapena ant. ndi mawu awiri kapena atatu okha, nthawi zambiri m'zilembo zocheperako. Amenewo ndi mutu wa antiphona. Alembeni. Musayembekezere kuona antiphona yonse pamenepo, imalembedwa yathunthu masalimo akatha, patsogolo masamba awiri kapena atatu. Pitani kumeneko mukatsimikize. Pansi pake pomwepo pali Capitulum m'zofiira ndi chilembo cha mizere iwiri. Lembani mawu ake oyamba. Mukatero lumphani Tertia ndi Sexta, mukachite chimodzimodzi pa Nona, pamene pali chithunzi cha Simeoni akulandira Mwana.

Tsopano fananizani. Mwambo wa Rome uli ndi Assumpta est ndi Que est ista pa Prima, Pulchra es ndi In plateis pa Nona. Wa Paris uli ndi Benedicta tu ndi Felix namque, kenaka Sicut lilium ndi Per te Dei genitrix. Wa Sarum uli ndi O admirabile ndi In omnibus requiem, kenaka Germinavit radix ndi Et radicavi. Miyambo ilipo yambiri, koma itatuyi ndi imene mudzakumana nayo kawirikawiri. Zanu zikapanda kugwirizana ndi umodzi mwa itatuyi simunalakwe, mwina mwapeza mwambo wa dayosizi ina, ndipo pali mindandanda yaitali ya akatswiri yofufuzira mawu anu anayiwo.

Misampha ilipo inayi, ndipo aliyense woyamba amagwa mu umodzi.

Woyamba ndi kuwerenga maola molakwika. M'mabuku ambiri maola a Mtanda ndi a Mzimu Woyera sanaikidwe paokha, anawalowetsa pakatipakati: ikatha Laudes ya Maria pakubwera Matutinum ya Mtanda ndi ya Mzimu Woyera, kenaka Prima ya Maria, kenaka Prima ya Mtanda, motero mpaka kumapeto. Mukangowerenga ma Deus in adiutorium mudzaima pa ola lolakwika. Maola afupiwo mulibe masalimo, ndi kanyimbo ndi pemphero basi, ndiye mukaona ola lopanda salimo lidutseni. M'mabuku a Sarum, ikatha Laudes pamabweranso mndandanda wa timapemphero ta oyera. Pitirirani mpaka mutapeza mawu ofiira akuti Ad primam.

Wachiwiri ndi Laudes. Mu mwambo wa Rome, Assumpta est ndi Pulchra es zimapezekanso pa Laudes, ndipo miyambo ina ili ndi Assumpta est pa Laudes koma china pa Prima. Kuiona pa Laudes sikutsimikizira kanthu.

Wachitatu ndi wobisika kwambiri. Mabuku a mwambo wa Rome amakhala ndi zosintha za nyengo ya Adventi ndi ya Khirisimasi, zolembedwa ikatha Completorium, ndipo m'zosintha za Khirisimasi muli O admirabile. Munthu akaiona pamenepo amathamangira kunena kuti bukulo ndi la Angerezi. Ayi. Yesani pa maola enieniwo, osati pa zowonjezera.

Wachinayi ndi kukhutira ndi mawu amodzi. O admirabile pa Prima ili m'miyambo yambiri ya kumpoto kwa France ndi Flanders, Et radicavi pa Nona nayonso. Zinayi zonse zigwirizane, ndipo ngakhale zitatero funani umboni wachiwiri.

Umboni wachiwiriwo uli m'mapemphero a akufa, amene nawonso ali ndi mwambo wake. Pitani pa Dirige, antiphona yotsegulira Matutinum ya akufa, kenaka pa werengo loyamba la Yobu, Parce michi Domine. Werengo lililonse likatha pali R. wofiira. Lembani mawu oyamba a ma R. anayi oyambirira. Paris imayamba ndi Qui Lazarum. Rome ndi Sarum onse amayamba ndi Credo quod, Qui Lazarum, Domine quando, koma pachinayi amasiyana: Rome ili ndi Memento mei, Sarum ili ndi Heu michi. Si zachilendo kupeza Maola a Maria ali a Rome, mapemphero a akufa ali a dayosizi ya kwawo kwa mwini. Buku loterolo ndi limene ndimalikonda koposa, chifukwa limaonetsa munthu amene pa mapemphero a tsiku ndi tsiku analandira za Mpingo wonse, koma pa maliro a abale ake anafuna mawu a kwawo. Malizani ndi litaniya: oyera a m'deralo amabisala chakumapeto kwa gulu lililonse, pambuyo pa mayina odziwika.

7. Musasokoneze mwambo ndi kumene bukulo linapangidwa

Mwambo wa Sarum sutanthauza kuti bukulo linalembedwa ku England. M'zaka za m'ma 1400 amisiri a ku Bruges ankapanga mabuku ochuluka a Sarum n'kumawatumiza kutsidya la nyanja kwa ogula achingerezi. Mwambo wa Rome unafala paliponse, moti pawokha sukuuzani dera. Kumene buku linapangidwa kumadziwika ndi dzanja la wojambula, makamaka m'mphepete mwa tsamba.

M'zaka za m'ma 1300 ku France m'mphepete muli timitengo towongoka totulutsa timasamba tosongoka tagolide, ndipo pansi pa tsamba pali tizithunzi toseketsa: anyani, akalulu, tizilombo ta theka munthu. Buku la Jeanne d'Evreux, limene Jean Pucelle anajambula cha m'ma 1324 mpaka 1328 ndipo lili ku The Cloisters ku New York, ladzaza ndi tizithunzi totere, chonsecho n'lotalika masentimita 9 okha. Itadutsa 1400 m'mphepete munadzaza timizere topyapyala ta inki tozungulirazungulira, ta timasamba tagolide, pamodzi ndi masamba aakulu opotana abuluu ndi agolide. Kuyambira m'ma 1470 amisiri a ku Ghent ndi Bruges anayamba kupaka m'mphepete monse utoto wachikasu kapena wagolide n'kujambulapo maluwa, agulugufe, nkhono ndi ntchentche zokhala ndi mthunzi, ngati zangogwera patsambapo. Ku Netherlands yang'anani zilembo zokongoletsedwa ndi timizere tofiira ndi tabuluu ta cholembera, ndipo musadabwe mawu akakhala a Chidatchi, poti Geert Grote anamasulira mapempherowa m'ma 1380 ndipo anthu a kumeneko anakonda kupemphera m'chinenero chawo.

Onaninso kumsana kwa chithunzi. Chikakhala kumanzere, kumsana kwake kulibe mawu, ndiye kuti chinajambulidwa pa tsamba lapadera n'kudzalowetsedwa posoka. Umenewo unali mchitidwe wa ku Flanders ndi Netherlands. Amisiri a ku Paris ankakonda kujambula pa tsamba lomwelo la mawu, mizere itatu kapena inayi ya pemphero ili pansi pa chithunzi.

8. Tsopano kulitsani chithunzi

Tsambalo si pepala, ndi chikopa cha mwana wa ng'ombe, nkhosa kapena mbuzi, chonyikidwa m'madzi a laimu, chopalidwa ndi kuumitsidwa chili chokokedwa. Mbali imene kunali ubweya imaoneka yachikasu pang'ono, nthawi zina ndi timadontho ta mizu ya ubweyawo. Mudzaona mizere yopyapyala imene mlembi anajambula asanalembe. Iye ankayamba, ndi nthenga ya tsekwe, kusiya mipata ya zilembo zazikulu, ndipo mukakulitsa bwino mupeza kachilembo kakang'ono kamene anasiyira wokongoletsa kuti adziwe chojambula.

Golide ankaikidwa utoto usanapakidwe, chifukwa kumupukuta kukanawononga utotowo. Alipo wa mitundu iwiri. Wonyezimira ngati galasi, wotukuka pang'ono, ndi golide wosulidwa mopyapyala kwambiri, womatidwa pa phala la choko ndi ulimbo, n'kupukutidwa ndi dzino la galu kapena mwala wosalala. Pamene wasupuka mumaona phalalo, lofiirira kapena loyera. Wosawala kwambiri, wa timizere ta pa zovala ndi tsitsi, ndi golide woperedwa wopakidwa ndi burashi, ndipo anachuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Buluu wozama wa chovala cha Maria, m'mabuku odula, ndi mwala wa lapis lazuli wochokera ku Badakhshan ku Afghanistan. Otsika mtengo ankagwiritsa azurite, wopendekera kobiriwira. Wobiriwira wopangidwa ndi mkuwa nthawi zina amadya chikopa mpaka kuonekera kumsana. Nkhope kapena lupanga zikaoneka zakuda, kawirikawiri ndi utoto woyera wa mtovu kapena siliva amene anada ndi zaka, si mmene wojambula anafunira.

9. Funani mwini wake

Bwererani pa Obsecro te, chapakati pake, pamene wopemphera amadzitchula. Michi famulo tuo ndi mwamuna, michi famule tue ndi mkazi. Mawu achimuna sakutsimikizira zambiri poti ndi amene ankangokoperedwa, koma achikazi amasonyeza kuti bukulo linakonzedwera mayi. Yang'anani munthu wogwada pambali pa Maria atavala zovala za nthawi yake, ndi chizindikiro cha banja pansi pa tsamba la Matutinum. Buku la Catherine wa ku Cleves, la cha m'ma 1440, ku Morgan Library, lili ndi zonse ziwiri. M'kalendala ndi m'masamba opanda kanthu akumapeto mabanja ankalembamo masiku obadwa, a ubatizo ndi a imfa.

M'buku la Sarum tsegulani pa 29 Disembala ndi pa 7 Julayi. Dzina la Thomas Becket, bishopu wamkulu wa ku Canterbury, likakhala lopalidwa, bukulo linali ku England itakwana 1538, pamene Mfumu Henry VIII analamula kuti dzinalo lifafanizidwe, ndipo mudzapezanso mawu akuti papa atapalidwa pambali pa mayina a apapa. Likakhala losakhudzidwa, mwina bukulo linali kunja kwa dzikolo, mwina mwini wake sanamvere lamulolo.

Mukamaliza, lembani pa tsamba limodzi zimene mwapeza: zigawo ndi manambala a masamba ake, mawu anayi a Prima ndi Nona, ma R. anayi, oyera a m'kalendala, mtundu wa m'mphepete. Pamenepo pokha ndiye muwerenge zimene laibulale inalemba za bukulo, osati musanayambe. Mukasiyana nawo pa mwambo, bwererani pa Prima mukaone ngati munaimadi pa ola loyenera.